Batani la Mawa

9 Febuluwale

Mng'ono wanga Chitsiriza,

Muli bwanji kumeneko, iwe, alamu ndi kamwana? Kuno tadzuka. Amayi bondo lija likuwavutabe koma akuyenda. Ndikulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ukuidziwa shopu yathu: chipinda chimodzi, ine pa makina opeta, Amayi pampando wawo pakhomo akudula timaulusi pa mabaji, makutu ali tcheru. Ndikangoti "halo" iwo atembenuka kale. Kalatayi ndapatsa adalaivala a basi ya Lachitatu.

Katundu wako tinalandira. Shawelo ija Amayi akuivala ngakhale kukutentha, ndipo aliyense wolowa m'shopu ayenera kuigwira ndi kumva kuti yachokera kwa Chitsiriza wa kutauni. Ine amene ndimawatikita bondo m'mawa uliwonse sindinamvepo akundionetsa kwa makasitomala. Sindikudandaula, ndangonena.

Nkhani yanga ndi kompyuta ya Bambo, imene imayendetsa makina opetawa. Ukukumbuka chaka chija unabwera n'kuilumikiza pa intaneti kuti uonetse Amayi zithunzi za nyumba yanu? Malemu Bambo anaisunga zaka zonse osalowa pa intaneti, iwe tsiku limodzi lokha unaitsegulira chitseko. Waya tinazula, koma zinthu zinali zitalowa kale. Kuyambira pamenepo, ndikaiyatsa m'mawa pamabwera kabokosi konena kuti sisitimu yathu yakalamba, eni ake anaisiya, yatsopano ili m'katimo ikungodikira kuti ndivomere. Pansi pali mabatani awiri. Lalikulu lowala ndi loti "pano", laling'ono lotuwa ndi loti "mawa". La "ayi" palibe. Zaka zitatu tsopano ndakhala ndikudina laling'onolo ndisanamwe n'komwe tiyi.

A Mawaya, okonza makompyuta pamsika paja, anandiuza kuti sisitimu ndiye pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, ndipo yatsopanoyo ikangolowa, pulogalamu yathu yopetera sidzatsegukanso. Kampani imene inaipanga inatseka kalekale. Mapatani onse amene Bambo anajambula, mabaji a masukulu, a makwaya, a matimu ampira, ali m'menemo. Mwezi uno kabokosi kayamba mwano, kakumawerenga mphindi. Ukapanda kuyankha kamati kasankha kokha.

Iwe ntchito yako ndi ya makompyuta. Palibe njira yophera kabokosi kameneka? Ndikufunsa chifukwa sabata yatha Amayi anabwerezanso mawu awo aja, akuti iwo ali pano chifukwa cha makina a Bambo, tsiku limene adzaleke kulira adzanyamuka kupita kwa Chitsiriza. Ananena akuseka. Ine sindinaseke.

Mkulu wako,
Chisamba


21 Febuluwale

Achemwali,

Moni wochuluka. Ife tili bwino, mwana wamera mano awiri ndipo akuluma aliyense. Ndasangalala kuti shawelo yafika. Ndinatumizanso nsapato zanu m'katundu yemweyo, koma poti simunazitchule ndiye kuti mwina adalaivala anavala okha.

Za kompyuta ndavomera, ndinalumikiza ndine, ndipo mwandikumbutsa kokwanira. Koma achemwali, zengerezu adalinda kwawukwawu. Simungakhale mukudina "mawa" mpaka imvi. Eni sisitimu safuna kuti anthu akhale ndi zakale, n'chifukwa chake sanaikepo batani lokana. Kuofesi kwathu makompyuta abwinobwino tinawaunjika m'chipinda chifukwa cha nkhani yomweyi. Tsiku lina mudzachedwa kudzuka, kapena mudzadwala, basi zatha.

Chitani izi. Auzeni a Mawaya akopere zonse za m'kompyutamo, sisitimu, pulogalamu ndi mapatani, aike pa disiki ina, munditumizire. Ndiyesa kuona ngati ndingazisamutsire pa kompyuta ina imene kabokosiko sikadzaipeza. Sindikulonjeza.

Mukuti Amayi amangonyadira ine? Bwerani mudzamve foni zathu. Ndikawauza kuti andikweza pantchito amati, "Zabwino, koma mkulu wako sabata ino wapeta nkhunda yoti ungaiponyere mapira." Chisamba ali ndi manja, Chisamba anatengera bambo ake, Chisamba amadziwa bondo langa. Ine makina amenewo sindinaloledwe n'komwe kuwagwira. Bambo ankati ndine wopupuluma, inu n'kumandipatsa tsache. Ndinapita kukaphunzira makompyuta chifukwa m'shopumo munalibe malo anga.

Mwana wanga akutha miyezi isanu ndi itatu agogo ake asanamunyamulepo. Chipinda chawo ndinakonza kale, bedi lalifupi kuti asamavutike pokwera, ndipo chipatala cha mafupa chili pafupi. Inu mwakhala nawo zaka zonsezi. Ine ndikapempha mwezi umodzi mumati ntchito yachuluka. Kodi Amayi anabereka mwana mmodzi?

Ndiyankheni za disikiyo.

Mng'ono wanu,
Chitsiriza


2 Malichi

Chitsiriza,

Tili bwino, kaya inu. Nsapato zinafika, zikomo, koma ndi zazing'ono. Ukanakhala kuti umabwera ukanadziwa phazi langa.

Disiki ndi imeneyo, ndaikulunga m'nsalu yobiriwira. A Mawaya atha tsiku lonse akukopera, akuti ndi chithunzi chathunthu cha kompyuta yathu, ndipo ina ngati imeneyi palibe, uisamale. Ndakupatsa mtima uli m'mwamba. Amayi ukuwafuna, tsopano mapatani a Bambo nawonso ali m'manja mwako. Chatsala n'chiyani, mpando wanga?

Za tsache sindikuzikumbuka. Chimene ndikukumbuka n'choti pamene iwe unkapita kukoleji ndi sutikesi yatsopano, ine ndinali nditakhala pa makinawa kupeta mabaji a ana a eni. Amayi analira masiku atatu iwe utachoka. Ine sanandilirepo, poti munthu salirira chinthu chimene chili pakhomo.

Tapeza ntchito yaikulu, mabaji a sukulu yasekondale ija ya kumtunda, akufuna teremu isanayambe. Ndiye za ulendo wa Amayi tidzakambirana ntchitoyi ikatha. Undipsompsonere mwanayo.

Chisamba


17 Malichi

Chitsiriza,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli pa moni. Zimene unkafuna zachitika.

Lolemba ulusi wagolide unatha, ndinayenera kulawirira kukagula ntchito ya sukulu isaime. Ndinayatsa kompyuta, ndinauza Amayi kuti kabokosi kakabwera adine batani laling'ono. Si koyamba, akhala akundidinira ndikapita kwina, ndipo amalidziwa bwino. Pobwera ndinapeza pagalasi pali buluu yekhayekha, timadontho tikuzungulira, ndi mawu oti tisazimitse. Amayi anali pampando wawo, manja pamiyendo, shawelo yako paphewa. Nditafunsa anangoti, "Zachitika, mwanangu." Ndinakhala pansi pa simenti, ulusi uli m'manja, kuonerera manambala akukwera mpaka kumapeto.

Itatha inandilonjera mwaulemu, ati takulandirani, zonse zili pamene munazisiya. Bodza lake. Ndikadina pulogalamu yopetera imati singagwire ntchito pa sisitimu imeneyi. Mapatani akuoneka mayina okha, osatseguka. Makina ali duu, nyale yake yokha ikuyaka. A Mawaya ayesa masiku awiri kuibweza mmbuyo, yakana, akuti njira yobwerera inaonongeka pamene yatsopanoyo inkalowa. Akuti mankhwala ndi amodzi okha, disiki ija.

Maso a Amayi si a kale, ndikudziwa, akhoza kusokoneza. Koma zaka zitatu sanasokonezepo. Asokoneza sabata yomwe iwe unawaimbira foni n'kucheza nawo ola lathunthu kuseri kwa shopu. Unawauza chiyani? Kuti zakale zikutha? Kuti batani lalikulu ndiye labwino? Ndikukudziwa iwe, kuyambira uli wamng'ono ukafuna chinthu sunkapempha, unkangochititsa kuti chigwere kumbali yako.

Bweza disiki yanga pa basi ya sabata ino. Za kusamutsa zako zija zisiye, a Mawaya aibwezeretsa okha. Aphunzitsi aakulu andipatsa masiku khumi.

Chisamba


6 Epulo

Chitsiriza,

Kodi muli moyo kumeneko? Ndikufunsa zoona, poti mabasi atatu abwera popanda kanthu. Adalaivala akuti kalata yanga anakupatsa m'manja, unailandira pageti la ofesi yanu utavala zoyera. Ndikaimba foni umati uli mumsonkhano. Kaya misonkhano ya kumeneko sikutha.

Ntchito ya sukulu yapita. Aphunzitsi aakulu anabwera okha kudzatenga nsalu zawo, anapepesa, ndipo anakazipereka kwa anyamata a shopu yatsopano ija ya pafupi ndi siteji. Ndinaliona baji lawo pa malaya a mwana wina. Mkango umene Bambo anaujambula mwezi wathunthu, iwo aupeta ngati mphaka wonyowa. A kwaya nawonso abwera kawiri, ndawabweza. Ndatulutsa makina osokera opalasa ndi mapazi aja, ndikusoka zigamba ndi kupinda mathalauza, ine mwana wa Bambo.

M'shopu muli zii. Sindinkadziwa kuti phokoso la makina lija ndi limene linkatithandiza kukhala limodzi osayankhulana. Tsopano Amayi alibe ulusi woti adule. Amangokhala, kundiyang'ana, ine n'kumayang'ana nsalu.

Lachisanu Amayi anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Ndinawauza kuti adikire, disiki ikubwera, makina alira. Anati mawu anawanena kale ndipo mkulu sabweza malovu. Achapa zovala zawo zonse, apita kukatsanzika anzawo a kumpingo, agulira mwana wako kachipewa. Akuimba nyimbo popinda zovala, Chitsiriza. Chimwalirireni Bambo sindinawamvepo akuimba. Ndimamva ndili kuseri, nsanje n'kumandidya ngati chiswe, ndipo sindichita manyazi kukuuza.

Akwera basi ya Lachitatu likudzali. Wapambana. Ukawalandire pasiteji, asayende mtunda ndi bondo limenelo. Disikiyo ngati unataya undiuze, ndileke kuthamangira basi iliyonse ngati wamisala.

Chisamba


19 Epulo

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino m'thupi. Amayi anafika bwino, ndinawalandira ndekha. Mwana anawalira tsiku loyamba, pano sakufuna kuchoka pamiyendo pawo.

M'katoni muno muli disiki yanu ndi kompyuta yaing'ono yakuda. Werengani kaye kalatayi musanatsegule.

Sindinawauze Amayi kuti adine chilichonse. Pa foni ija tinkakamba za mano a mwana ndi za bondo. Pa mlandu umenewo ndine wosalakwa, ndipo zinandipweteka kuti munaganiza choncho. Koma pali mlandu wina umene simunandiimbe, ndipo ndi wanga.

Disiki itangofika ndinayamba ntchito. Ndinapeza kompyuta mwa zija anaunjika kuofesi, abwana anandilola kuitenga. Ndinaikamo sisitimu yakale ija yonse, ndinachotsa zija zinalowa ndi intaneti, ndinatseka ponse polowera. Pulogalamu inatseguka. Ndinauona mkango wa Bambo pagalasi langa, ulusi uliwonse pamalo pake, ndipo ndinalira, chifukwa aka kanali koyamba kugwira ntchito ya Bambo popanda wondiuza kuti ndisiye. Zonsezi zinatha pa 14 Malichi. Kalata yanu yaukali inandipeza katoni ili yomanga kale.

Nditawerenga kuti makina aima, chinthu choyamba chimene chinabwera mumtima mwanga si chisoni. Ndinati, ndiye kuti Amayi akubwera. Ndinaika katoni pansi pa bedi lomwe ndinawakonzera. Lachiwiri lililonse ndinkati nditumiza, n'kupeza chifukwa. Poyamba ndinkati mwandinyoza, muyambe mwapepesa. Kenako ndinasiya kudzinamiza. Ndinkadziwa za ntchito ya sukulu, ndinkadziwa masiku khumi aja, ndinkaona foni yanu ikuitana. Ndinadikira mpaka Amayi atalowa m'nyumba mwanga ndi kuvula nsapato.

Ndinkaganiza kuti ndikhuta. Koma tsiku lachiwiri lomwe anayang'ana makatani anga n'kunena kuti mkulu wako akanapinda bwino m'munsimu. Ndikawatikita bondo amati ndikufulumira. Ndawatenga, koma theka lawo latsala kwanuko.

Madzi akatayika saoleka, ntchito ya sukulu sindingaibweze. Pepani, achemwali. Sindikupempha kuti mundikhululukire msanga.

A Mawaya alumikize waya wa makina kumbuyo, pamene ndamata pepala lofiira. Kompyuta imeneyi isadzalowe pa intaneti ngakhale atapempha ndine. Kabokosi kaja simudzakaonanso. Amayi sakudziwa chilichonse cha katoniyi, ndawauza kuti ndi nsapato zina. Iwonso alemba kalata yawo, ananditumiza kukagula envelopu ndipo amata okha. Sindinaiwerenge.

Mng'ono wanu,
Chitsiriza


19 Epulo

Chisamba mwanangu,

Ndine mayi ako. Wadzuka bwanji? Ukudya? Ine ndafika bwino. Kuno nyumba zake ndi zosanjikizana, munthu ukatsegula zenera umaona zovala za eni. Mwanayu ndi wonenepa, mphumi ndi ya bambo ako.

Kulemba kumandivuta ndiye sindichulutsa. Ndamva kuti ukukwiyira mng'ono wako za kompyuta ija. Umusiye. Maso anga ndi okalamba koma chachikulu ndi chaching'ono ndimasiyanitsa. Ndinadina lalikulu lija ndikuliona, ndipo ndinadina kawiri kuti limve.

Mawu aja oti ndidzachoka makina akadzaleka kulira ndinawanena pamaliro a bambo ako, kuti ndikulimbitse mtima, poti unkaopa kutsala wekha. Sindinadziwe kuti ndikudzimanga chingwe. Mwanayu atabadwa ndinakupempha kuti ndipite. Unati mawa tikambirana. Atayamba kukhala pansi ndinapemphanso, unati mawa. Atamera mano, mawa. Tsiku lija utapita kukagula ulusi ndinakhala ndi kabokosi kaja tili awiri, ndikukayang'ana, iko kakuwerenga mphindi. Ndinati kanthu aka kakhala kakupempha zaka zitatu, kumangoyankhidwa mawa ngati ine. Mmodzi mwa ife ayankhidwe lero.

Ndinkayesa a Mawaya akonza pakatha sabata, ine nditapeza kale pothawira. Sindinadziwe kuti ndikupha ntchito ya bambo ako ndi kukulanda chakudya pakamwa. Nditaona ukusoka zigamba ndinafuna kukuuza, koma m'malo mwake ndinatsitsa sutikesi. Ndinachoka ngati wakuba. Ndalakwa, mwanangu, undikhululukire.

Ukuti sindinakulirepo. Usadabwe kuti ndadziwa, kalata zako umalembera pa tebulo lodulira nsalu ndipo umasindikiza cholembera kwambiri, mawu n'kutsala pa pepala la pansi. Pa basi ndalira mpaka adalaivala anandipatsa madzi. Iwe ndiwe dzanja langa lamanja, ndipo munthu sayenda akuonetsa anthu dzanja lake. Koma lamanzere nalonso ndi langa.

Kumeneko ndiye kulibenso chondidikira poti makina ndinapha. Ndikhala kuno mpaka mwanayu ayende. Uzitseka zenera la kuseri, limalowetsa fumbi pa ulusi.

Mayi ako


3 Meyi

Chitsiriza,

Ndadzuka, kaya inu nonse. Katoni inafika ndi makalata onse awiri. Ndinawawerenga nditaimirira, kenako ndinakhala pansi n'kuwerenganso. Sabata yathunthu sindinathe kugwira cholembera. Ndinalemba kalata ina yoti ukanaiwerenga ukanasamba kawiri, koma ndinayatsira mbaula.

Sindinakukhululukire. Ndikunena kuti usamayembekezere. Aphunzitsi aakulu aja ndikakumana nawo panjira ndimakhotera kwina, ndipo ndi chifukwa cha iwe. Koma pa mlandu wa batani ndinakunamizira, pepa. Amayi amenewa, ine kumawadera nkhawa kuti maso awo afooka, osadziwa kuti akuona kuposa tonsefe.

A Mawaya analumikiza Loweruka. Anazungulira kakompyuta kako katatu akupukusa mutu, akuti amene anachita izi ndi katswiri, iwo sakanatha. Ndinawauza kuti ndi mng'ono wanga. Ndinadzimva ndekha ndikunena mokweza, ngati mmene Amayi ankachitira ndi shawelo ija, ndipo ndinadzikwiyira. Pulogalamu inatseguka, mapatani onse alipo. Ndinaika kansalu, makina analira. Mayi wogulitsa mabuku pakhomo loyandikana ndi lathu anathamangira kudzaona. A kwaya ndawapetera kale, abweretsanso anzawo.

Timaulusi pa mabaji ndikudula ndekha tsopano. Ndimachedwa, ndipo dzulo ndinaboola limodzi. Mpando wawo sindinausunthe. Makasitomala amafunsa kuti agogo ali kuti, ine ndimati ali kwa mwana wawo.

Tamvera tsono za bondo. Usamayambire pabondo penipeni. Yambira pa katumba, ukwere pang'onopang'ono, ndipo mafutawo uyambe wawatenthetsa m'manja. Akati "basi" usasiye, amanena dala, pitiriza mpaka atayamba kukuuza nkhani. Mapilitsi oyera amabisa pansi pa pilo, uziwaonerera akumeza. Ku chipatala cha mafupa chija upite nawo mwezi uno, usadikire kuti apemphe. Ndipo akamakuuza kuti Chisamba akanachita bwino, usapse mtima. Kuno ankati Chitsiriza akanaganiza msanga. Ndi mmene alili, amatama amene palibe.

Uwauze kuti kalata yawo ndawerenga, mlandu palibe, ntchito ndikupeza ndipo ndikudya. Koma za makina usawauze. Ndikuwadziwa, akangomva kuti akulira ayamba kupinda zovala, ati mawu ndi mawu, mwanayo asanayende n'komwe. Ukamaimba foni uziyamba wanditumizira uthenga kuti ndizimitse, angamve phokoso. Asaganize kuti ndikuwaitana.

Ndikuwaitana, Chitsiriza, tsiku lililonse. Koma iwe usawauze.

Mkulu wako,
Chisamba